Kodi munthu wamba angakacheze ku likulu la kampani yopanga Ubuntu ku London?

Mphunzitsi wa ku Ngabu

Moni nonse, akuluakulu ndi anzanga. Ndine mphunzitsi pa sekondale ina yoyendera kufupi ndi Ngabu, ndipo ndabwera ndi funso lomwe ena aliona ngati lachibwana, koma ine landisowetsa tulo kwa masabata angapo tsopano.

Mwana wanga wamkazi, yemwe ndi namwino ku England, wandiitana kuti ndikamuone mu Ogasiti sukulu zikatsekera, ndipo ulendo wonse akulipira ndi iyeyo. Atandifunsa malo omwe ndikufuna kukaona, ankayembekeza kuti nditchula nyumba ya mfumu kapena bwalo la mpira la Arsenal, koma ine ndinamuuza kuti mtima wanga uli pa likulu la Canonical, kampani yomwe imapanga Ubuntu, pulogalamu yaulere yoyendetsa kompyuta. Anaseka kwa nthawi yaitali, kenaka anati iye sadziwa ngakhale khomo lake.

Ndifotokoze chifukwa chake, kuti musandione ngati wazungulira mutu. Mu 2009 ndinamva kuti kampaniyi imatumiza ma CD a Ubuntu kwaulere kwa aliyense wopempha, kudzera mu ndondomeko yomwe inkatchedwa ShipIt. Ndinalembetsa ndili ku Blantyre, posakhulupirira kuti chinthu chochokera kutali chotero chingatsike phiri n'kuwoloka Shire, koma patapita masabata angapo ndinapeza envelopu ku positi ofesi. Ndondomekoyo inatha mu 2011, koma CD ija ndikadali nayo m'kabati pamodzi ndi ziphaso zanga za uphunzitsi. Pambuyo pake sukulu yathu inalandira makompyuta akale 14 omwe anali odzaza ndi mavairasi, ndipo ndalama zogulira mapulogalamu olipira kunalibe. Ndinaikamo Lubuntu, womwe ndi mtundu wopepuka wa Ubuntu woyenera makina ofooka, ndipo mpaka lero asanu ndi anayi akuyendabe. Ana amaphunzirira kulemba pa LibreOffice ndipo amawerenga Wikipedia popanda intaneti kudzera mu Kiwix. Mu Okutobala timayamba phunziroli m'mamawa kwambiri, chifukwa dzuwa la ku Ngabu likafika pamutu makina amazima okha ndi kutentha, ndipo tikamaliza atsikana amawafunditsa zitenje zakale kuti fumbi lisalowe.

Ndiye ndikufuna ndikaone nkhope za anthu omwe ntchito yawo yatithandiza chonchi, ndikawagwire chanza ndi kuwauza kuti zikomo. Dzina lenilenilo la Ubuntu likufanana ndi umunthu wathu, ndipo kwathu kuno munthu amene wakupatsa mbewu sumuthokoza kudzera mwa mthenga ngati miyendo uli nayo. Funso langa lili patatu. Kodi munthu yemwe si kasitomala wolipira kapena wantchito angangofika pakhomo la kampani yotere n'kunena kuti odi? Ngati pafunika kalata, ndilembere kwa yani? Ndipo kodi n'koyenera kunyamula kamphatso?

Wamakina wa ku Nchalo

Aphunzitsi, funso lanu silachibwana ayi, chifukwa ine ndinachitapo zomwe mukuganizazo ndipo ndinabwerako manja ali m'khosi. Zaka zingapo zapitazo anditumiza ku maphunziro a masabata awiri mumzinda wina wa ku Ulaya, komwe kuli ofesi ya kampani ina ya mapulogalamu a open source yomwe sindiitchula dzina. Tsiku lina masana ndinavala malaya okhala ndi chizindikiro chawo, n'kukwera basi kupita komweko popanda kuuza munthu. Ndinapeza nyumba yagalasi yomwe munali makampani ambiri, ndipo pansi panali mayi wolandira alendo ndi mlonda. Mayiyo anandifunsa mwaulemu dzina la munthu amene ndinapangana naye, ndipo nditati palibe, anandiuza kuti chikepe sichiyenda popanda khadi, komanso kuti khadi la mlendo limaperekedwa pokhapokha wantchito wa m'mwamba atatsika kudzamutenga. Ndinakhala pampando pafupifupi ola lathunthu ndikuyang'ana anthu akudutsa ndi makapu a khofi, mpaka ndinadzimvera chisoni n'kutuluka. Sindiwaimba mlandu, chifukwa wolakwa ndinali ine. Safunsa anadya phula.

Chomwe ndinamvetsa pambuyo pake ndi ichi. Mawu akuti open source akunena za malemba oyambira a pulogalamu, omwe aliyense ali ndi ufulu wowawerenga, kuwasintha ndi kuwagawira ena. Sakunena za zitseko za ofesi. Kampani ngati Canonical imapereka Ubuntu kwaulere, koma ndalama zolipirira antchito imazipeza pogulitsa chithandizo ndi chitetezo kwa mabanki, maboma ndi makampani akuluakulu, mwachitsanzo kudzera mu Ubuntu Pro. Choncho mu ofesi yawo mumakambidwa zinsinsi za makasitomala, ndipo sangalole mlendo wosadziwika kumangoyendayenda, monga momwe simungalowere mu fakitale ya shuga kuno ku Nchalo chifukwa chakuti mumamwa tiyi tsiku lililonse.

Chachiwiri ndi chomwe chingakukhumudwitseni kwambiri. Ngakhale atakutsegulirani, anthu omwe mukufuna kuwagwira chanza mwina simukawapezamo. Mark Shuttleworth, mbadwa ya ku South Africa yemwe anagulitsa kampani yake ya Thawte kwa VeriSign mu 1999 n'kupita mumlengalenga mu 2002, anakhazikitsa Canonical mu 2004, ndipo kuyambira pachiyambi antchito ambiri amagwirira ntchito m'nyumba zawo m'mayiko osiyanasiyana. Amakumana pamaso kawiri pachaka m'mizinda yosinthasintha, kenaka aliyense amabwerera kwawo. Komanso gawo lalikulu la zomwe zili pa makompyuta anu a ku Ngabu silinalembedwe ndi Canonical konse. Ubuntu, yemwe anatuluka koyamba mu Okutobala 2004, amamangidwa pa Debian, pulogalamu inanso yoyendetsa kompyuta yomwe Ian Murdock anayambitsa mu 1993 ndipo imayendetsedwa ndi anthu ongodzipereka. Mtima wa Ubuntu ndi Linux, yomwe Linus Torvalds anayamba kulemba mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki, ndipo kwa zaka zambiri wakhala akuiyang'anira ali m'chipinda cha m'nyumba mwake ku Oregon. LibreOffice ili m'manja mwa bungwe la The Document Foundation, lomwe linalembetsedwa ku Berlin. Lubuntu mukumuyamikayo amasamalidwa ndi kagulu ka anthu odzipereka, ndipo ndikuganiza kuti zikomo wanu wamkulu akuyenera iwowa.

Si Canonical yokha yomwe ili chonchi. Kampani ya mapulogalamu ya GitLab ilibe ofesi yogwiriramo ntchito ngakhale imodzi, ndipo bungwe la Free Software Foundation, lomwe Richard Stallman anakhazikitsa mu 1985, linatseka ofesi yake ya ku Boston mu 2024 n'kuyamba kugwira ntchito patalipatali. Red Hat ili nayo nsanja yake yaitali ku Raleigh, ku North Carolina, koma imeneyo ndi kampani yomwe IBM inagula mu 2019 pa madola pafupifupi 34 biliyoni, ndiye mungathe kuganiza nokha mmene pachipata pake pamakhalira.

Sindikuti musapite. Ndikuti khomo lolowera ndi munthu, osati nyumba. Canonical ili ndi antchito omwe udindo wawo ndi kulumikizana ndi gulu la ogwiritsa ntchito Ubuntu, ndipo amapezeka pa Ubuntu Discourse, bwalo lawo lokambirana la pa intaneti. Mukadziwika kwa mmodzi wa iwo, iyeyo ndi amene angakuuzeni ngati n'zotheka, ndi tsiku lake.

NaBanda wa pa Boma la Nsanje

Bambo aphunzitsi, ndikugwirizana ndi achimwene a ku Nchalo, koma ndikufuna kuwonjezera mbali yomwe sanaikhudze, chifukwa inu mukudziona ngati wopemphetsa wopita kukathokoza, pamene muli ndi katundu yemwe anthu amenewa amamusowa.

Ine ndimagwira ntchito yosonkhanitsa ziwerengero za umoyo, ndipo mwezi uliwonse ndimalowetsa malipoti mu DHIS2, pulogalamu ya open source yomwe Unduna wa Zaumoyo umagwiritsa ntchito ndipo imapangidwa motsogozedwa ndi University of Oslo ku Norway. Ku Oslo sindinapondeko, koma tsiku lina ndinalemba pa bwalo lawo la pa intaneti kufotokoza zomwe zimachitika netiweki ikaduka munthu ali pakati polowetsa lipoti. Ndinalemba mtundu wa foni, nthawi yomwe zinachitika, ndi mawu omwe anaoneka pagalasi. Anandiyankha anthu awiri ochokera m'mayiko awiri osiyana, ndipo mmodzi anandifunsa mafunso ambiri kuposa omwe ine ndinafunsa. Apa m'pamene ndinazindikira kuti wopanga pulogalamu yemwe amakhala kumene magetsi sathima sangadziwe za makina omwe amazima ndi kutentha kwa mu Okutobala, pokhapokha wina wa kuno atamuuza.

Tisaiwalenso kuti chigwa chathu chinalowa kale mu ntchito imeneyi. Mu 2014 gulu la Humanitarian OpenStreetMap Team linagwira ntchito ndi nthambi za boma komanso ophunzira a m'dziko muno pojambula mapu a midzi, misewu ndi nyumba za ku Chikwawa ndi Nsanje pokonzekera kusefukira kwa madzi, ndipo mu Januwale 2015 madzi anabweradi. Mapu amenewo ali pa OpenStreetMap, pomwe aliyense angawonjezere mjigo, sukulu kapena mlatho womwe unakokoloka ndi Freddy mu Malichi 2023. Ana anu a folomu 3 atajambula bwino mudzi umodzi, ndiye kuti asanduka eni ake a ntchitoyi, osati olandira chabe. Chimodzimodzinso ndi Ubuntu: pa Launchpad pali malo omasulirira mawu a mapulogalamu m'zilankhulo zosiyanasiyana, ndipo mphunzitsi wodziwa Chichewa ngati inu angathandize kwambiri. Amene wathandiza kwa nthawi yaitali mooneka amatha kupempha umembala wa Ubuntu, womwe umabwera ndi adiresi ya imelo ya ubuntu.com. Munthu wotere akalemba kuti ali ku London, kalata yake siiwerengedwa ngati ya mlendo.

Kumene anthuwa amapezeka ochuluka ndi pamisonkhano. FOSDEM imachitika ku Brussels chakumapeto kwa Januwale kapena kumayambiriro kwa Febuluwale chaka chilichonse, ndipo kulowa n'kwaulere popanda ngakhale kulembetsa, koma nthawi yake siigwirizana ndi ulendo wanu, komanso Belgium imafuna viza ina yosiyana ndi ya ku UK. Ubuntu Summit inachitikira ku Prague mu 2022, ku Riga mu 2023 ndi ku The Hague mu 2024, ndipo zokamba zake amaziulutsa pa intaneti. Msonkhano wa Debian, wotchedwa DebConf, unafikapo ku Cape Town mu 2016, ndipo umakhala ndi thumba lothandizira ena mwa osowa ndalama zoyendera.

Popeza mukhala ku England mu Ogasiti, pali malo omwe amalandira munthu aliyense popanda kupangana. Ku Cambridge kuli sitolo ya Raspberry Pi yomwe inatsegulidwa mu 2019, momwe mungagwire ndi kuyesa timakompyuta tating'ono ngati bokosi la machesi lalikulu, toyendera pulogalamu yochokera ku Debian ndipo todya magetsi ochepa moti sola imatikwanira. Kwa sukulu ngati yanu, ndikuona kuti ola limodzi m'sitolo imeneyo lingapindule kuposa tsiku lathunthu pakhomo la ofesi. Ku Bletchley Park kuli The National Museum of Computing, komwe anamanganso Colossus, makina omwe ankathandiza kumasulira mauthenga achinsinsi pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo ku Science Museum mu London kulowa n'kwaulere.

Gogo Wopuma wa ku Bangula

Ana anga, zonse mwanenazi ndi zanzeru, koma musamuphe mtima mphunzitsiyu. Ine ndinagwira ntchito m'boma zaka zambiri, ndipo ndinaona kuti kalata yolembedwa bwino imatsegula zitseko zomwe munthu wongofika sangazitsegule. Iye sakupempha ntchito kapena ndalama, akufuna kuthokoza, ndipo anthu ofuna kuthokoza ndi ochepa kwambiri moti wolandira kalata yotere amaikumbukira. Lembani, aphunzitsi. Akakana, mwataya chiyani?

Ine nkhawa yanga ili pa viza. Mmalawi amafunika viza kuti alowe ku UK, ndipo yanu ikhala ya mlendo wokacheza. Pa fomu lembani zoona zokhazokha, kuti cholinga cha ulendo ndi kukaona mwana wanu, ndipo muikepo kalata yake yokuitanani, umboni wakuti iye ndiye akulipira, ndi kalata ya akuntchito kwanu yosonyeza tsiku lomwe mukuyenera kubwerera m'kalasi. Musakuze nkhani ya kampaniyo mpaka wowerenga aganize kuti mukupita kukasaka ntchito. Yambani msanga, chifukwa mudzafunika kukwera mpaka ku Lilongwe kukajambulitsa zala, ndipo kuchokera ku Ngabu umenewo ndi ulendo wa tsiku lathunthu.

Za mphatso, musanyamule nyama kapena zamkaka, chifukwa malamulo awo salola kulowetsa zimenezi kuchokera kuno, ngakhale mbuzi ya ku Ngabu ikome bwanji. Musagulenso chinthu chodula, poti makampani ambiri amaletsa antchito kulandira mphatso zamtengo. Uzani ana alembe kalata imodzi pa makompyuta omwewo, aisindikize, asainire onse ndi cholembera, ndipo muikepo chithunzi cha makina atafunditsidwa zitenje. Tengani ndi CD yanu ya 2009 ija, mukangoionetsa, osakaisiya.

Mphunzitsi wa ku Ngabu

Takhuta nonse, monga amanenera anzathu a ku Nsanje. Ndivomere kuti yankho la achimwene a ku Nchalo linandiwawa nditaliwerenga koyamba, chifukwa m'maganizo mwanga ndinkaona nyumba yaikulu yodzaza anthu akulemba Ubuntu ngati alimi m'munda wa thonje, ndipo sindinadziwe kuti Lubuntu amasamalidwa ndi anthu odzipereka omwe mwina amaigwira ntchitoyi usiku akaweruka kwina. Dzulo ndinakwera kabaza kupita pamalo pomwe netiweki imagwira bwino, ndinatsegula akaunti pa Ubuntu Discourse, ndipo ndalemba kalata ya masamba awiri yofotokoza mbiri ya sukulu yathu kuyambira pa CD ija, ndi pempho lakuti andilole kukacheza ku likulu tsiku lililonse la mu Ogasiti lomwe angasankhe. Sindinaitumize, ndikufuna ndimve kaye maganizo anu. Mwana wanga wavomera kuti tidzapite ku Cambridge, ngakhale akuti sakumvetsa chifukwa chomwe bambo ake angawolokere nyanja kukaona sitolo.

Mayi a ku Nsanje, mawu anu andikumbutsa vuto lomwe takhala nalo kuyambira chaka chatha. Printa yathu yakale imasindikiza tsamba loyamba lokha, kenaka imaima mpaka tiizimitse n'kuiyatsanso, ndipo ine ndinkangoti ndi ukalamba wa makina. Sindinaganizepo kuti nkhani yotere ingakhale yofunika kwa wina kunja kwa sukulu yathu.

Wamakina wa ku Nchalo

Aphunzitsi, mundikhululukire ngati ndinalankhula mowuma. Kalata ya masamba awiri ndi yaitali kwa munthu yemwe amalandira mauthenga ambirimbiri patsiku, choncho igaweni pawiri. Mbiri ya sukulu, pamodzi ndi zithunzi, muiike poyera pa Discourse kuti gulu lonse liwerenge, kuphatikizapo a Lubuntu, koma pa zithunzi zooneka nkhope za ana mupemphe kaye chilolezo kwa makolo ndi ahedi. Pempho lokacheza likhale la mizere isanu kapena isanu ndi umodzi, lopita kwa wantchito mmodzi wa gulu lolumikizana ndi anthu: ndinu yani, mudzakhala ku England kuyambira liti mpaka liti, ndipo mukupempha mphindi 20 zokha. Muwonjezere kuti ngati ku ofesi n'kosatheka, mungasangalale kukumana ndi aliyense wa iwo pamalo omwera khofi, chifukwa pempho limenelo ndi losavuta kulivomera. Dziwaninso kuti Ogasiti ndi mwezi womwe anthu ambiri a ku Ulaya amapita kutchuthi, ndiye tumizani sabata ino, ndipo akachedwa kuyankha mudzakumbutse kamodzi kokha.

Za printa, musaisakanize ndi kalata yothokoza. Ndiuzeni mtundu wake, nambala ya Lubuntu yomwe mwaika, ndi ngati vutoli linayamba mutasintha pulogalamu. Ngati makinawo akadali pa mtundu wakale womwe unasiya kulandira zokonza, tiyambire pamenepo, chifukwa opanga adzafunsa zimenezo poyamba. Loweruka ndikupita ku msika wa ng'ombe ku Ngabu ndi alamu anga, ndipo ndidzanyamula fulashi yokhala ndi Lubuntu 24.04 kuti tidzayesere pa kompyuta imodzi tisanalembe lipoti. Ndidzafika dzuwa lisanakwere, makina asanayambe kuzima.